Mafunso ndi mayankho: knock sensor imakhala pati pa injini, nanga mukaichotsa chimachitika n'chiyani?

Mwa masensa onse a pa injini ya petulo, iyi ndiye imene anthu ambiri amaimva dzina asanaione ndi maso. Nyali ya check engine yayaka pa dashibodi, makaniko walumikiza makina ake oyezera n'kukuuzani kuti vuto ndi knock sensor. Mutsegula boneti, musuzumira uku ndi uko, kanthuko sikakuoneka. Kenako wina akuti ingoisiyani, galimoto imayenda ngakhale popanda imeneyo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amatsatira pamenepo.

Kodi knock sensor imagwira ntchito yanji?

Ndi khutu la kompyuta ya injini. Imamangidwa molimba pa buloko, chitsulo chachikulu chija muli masilinda, ndipo ntchito yake ndi kumva kunjenjemera kwa chitsulocho. Mkati mwa sensayo muli kachidutswa ka seramiki kamene kakagwedezeka kamatulutsa magetsi pang'ono. Khalidwe limeneli limatchedwa piezoelectric effect, ndipo anthu amene analitulukira ndi Pierre Curie ndi mkulu wake Jacques mu 1880. Laita ya gasi yodina ija, imene imathetheka popanda mwala kapena batire, imagwira ntchito ndi nzeru yomweyi.

Injini ndi malo aphokoso. Mavalavu akutsekeka, tcheni chikuyenda, ma injector akutsegula ndi kutseka. Kompyuta siimva zonsezi. Imasefa phokosolo n'kutsala ndi kunjenjemera kwa pakati pa 5 ndi 15 kHz, ndipo imatchera khutu kanthawi kochepa chabe, pisitoni ikangodutsa pamwamba penipeni moto utayaka. Ikamva kugogoda pa nthawi imeneyo, imachedwetsa kuthetheka kwa pulagi ndi madigiri angapo a kuzungulira kwa injini. Kugogodako kukaleka, imayamba kubwezera pang'onopang'ono mpaka itamvanso. Imachita zimenezi mosalekeza inu mukuyendetsa osadziwa kanthu, ndipo injini zambiri zamakono zimachedwetsa moto wa silinda yokhayo imene yagogoda, zinazo osazikhudza.

Kugogodako n'kutani kwenikweni?

Zinthu zikamayenda bwino, moto umayambira pa pulagi n'kufalikira m'silinda yonse mwadongosolo, ngati moto woyenda pa udzu wouma. Pisitoni imakankhidwa mwamphamvu koma mosadzidzimutsa. Tsono mpweya wosakanikirana ndi petulo umene uli m'mbali, kutali ndi pulagi, umakhala ukupanikizika ndi kutentha podikira kuti motowo uufike. Ukatentha mopyola, sudikiranso, umaphulika wokha. Kuphulika kumeneko kumatumiza mafunde amphamvu amene amawomba makoma a silinda uku ndi uku, ndipo buloko yonse imalira. Woyendetsa amamva ngati timiyala tikugubuduzika m'chitini, makamaka pokwera chitunda pa giya yaikulu injini ikuzungulira pang'onopang'ono phazi litaponda moto.

Zimene zimayambitsa ndi petulo wa octane wotsika (octane ndi muyeso wa mmene petulo amapiririra kupanikizika asanaphulike yekha), injini yotentha kwambiri, mwaye wouma umene waunjikana pamwamba pa mapisitoni, mafuta ochepa poyerekeza ndi mpweya, mapulagi osayenera injiniyo, valavu ya EGR (yobwezera utsi pang'ono m'masilinda) yokanirira chitsekere, ndi katundu wolemera.

Mwina mungafunse kuti bwanji opanga injini sangochedwetsa moto mpaka kalekale kuti kugogoda kusabwere n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti mphamvu ndi kusamala mafuta zimapezeka moto ukayaka mofulumirirapo, pafupi kwambiri ndi pamene kugogoda kumayambira. Injini yabwino imayenda m'mphepete mwa phompho. Kale, masensa kulibe, ankangoiimika patali ndi phompholo n'kulolera kutaya mphamvu ina. Ankathandizidwanso ndi mtovu: mu 1921 Thomas Midgley wa ku General Motors anapeza kuti tetraethyl lead imaletsa kugogoda, ndipo petulo wa mtovu anagulitsidwa zaka pafupifupi 100 ngakhale anali poizoni, mpaka Algeria, dziko lomaliza, inasiya mu 2021. Sensa inayamba kuoneka pa magalimoto a turbo, monga Buick Regal ya 1978 ndi ma Saab kuyambira 1982. Lero pafupifupi galimoto yatsopano iliyonse ya petulo ili nayo.

Ndiye ndi chimodzimodzi ndi zija timati injini yanoka?

Ayi, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezeka chifukwa dzina ndi lofanana. Tikamati injini yanoka timanena za mabering'i a kirankishafuti amene adyeka, kawirikawiri chifukwa chosowa oyilo. Phokoso lake ndi lakuya, gu gu gu, limamveka ngakhale galimoto itangoima ikulira, ndipo limakula mukamawonjezera moto. Kugogoda kumene sensa imasaka ndi kopyapyala, kwachitsulo, ndipo kumabwera injini ikamakoka katundu.

Knock sensor yatsopano singachiritse injini yonoka. Chimene chimachitika nthawi zina n'chakuti sensa imamva mabering'i akudyekawo, kompyuta n'kuganiza kuti ndi kugogoda kwa petulo, n'kumachedwetsa moto mpaka galimoto kufooka. Pamenepo sensa ilibe mlandu, ikunena zimene ikumva.

Nanga ili pati?

Lamulo limene siliphonya kawirikawiri ndi ili: yang'anani pa buloko, mbali imene kuli intake manifold (mapaipi olowetsa mpweya m'masilinda), chapakati pa mzere wa masilinda, m'munsi pang'ono mwa pamene mutu wa injini wakhalira. Amaiika mbali yolowera mpweya chifukwa mbali ya ekizozi kumatentha kwambiri, ndipo amaiika pakati kuti imve masilinda onse mofanana. Choipa chake n'chakuti manifold imaiphimba, n'chifukwa chake simuiona mukangotsegula boneti.

Pa injini ya masilinda 4 a mzere umodzi, sensa imakhala pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu. Pa Toyota 1NZ-FE ya malita 1.5, imene ili mu Vitz, Corolla ndi Probox, manifold ili kutsogolo, mbali ya radiyeta, ndipo sensa ili kunsi kwake. Pa 2AZ-FE ya malita 2.4 ya mu Camry ndi RAV4, manifold ili kumbuyo, mbali ya woyendetsa ndi apaulendo, choncho sensa yabisala pakati pa injini ndi khoma lolekanitsa injiniyo ndi mokhala anthu. Ambiri amaiona bwino atalowa pansi ndi tochi. Injini zina za masilinda 4 zili ndi ziwiri, monga 1.8T ya Volkswagen ndi Audi. Za masilinda 6 a mzere umodzi, monga BMW M54 ndi Toyota 2JZ, zilinso ndi ziwiri, ina ya masilinda atatu akutsogolo, ina ya atatu akumbuyo.

Za V6 ndi V8 ndiye zimaliza eni ake. Sensa zimakhala m'chigwa cha pakati pa mizere iwiri ya masilinda, pansi pa manifold yonse. Toyota 1MZ-FE ya malita 3.0 ili choncho, Nissan VG33E ndi VQ35DE chimodzimodzi. Kuti mufikeko muyenera kuchotsa manifold yapamwamba ndi yapansi, pena kukhetsa madzi a injini, kumasula mapaipi a petulo, ndi kugula magasiketi atsopano. Kusintha sensayo ndi mphindi zisanu, kuifikira ndi theka la tsiku. Ma V8 a General Motors a mtundu wa LS oyambirira, monga 5.3 ya m'magalimoto a 1999 mpaka 2006, ali ndi masensa awiri okhala m'maenje pansi pa manifold. Madzi akalowa m'maenjemo satuluka, sensa yakumbuyo imachita dzimbiri n'kufa. Pa ma LS otsatira, GM inasamutsira masensawo m'mbali mwa buloko.

Subaru ndiye inachitira anthu chifundo. Pa injini za EJ, zimene masilinda ake anagona chammbali, sensa ili pamwamba pa buloko chakumbuyo, pafupi ndi throttle body (chitseko cha mpweya chimene chimatseguka mukaponda moto). Mumaiona kuchokera pamwamba ndipo mumaimasula ndi sipanala ya bokosi yokhala ndi chotalikitsira, osachotsa manifold.

Chenjezo limodzi la injini zakale: pa ma V8 akale a Chevrolet, sensa inkalowa m'bowo lokhetsera madzi a m'buloko. Mukaimasula injini ili yotentha, madzi owira amakutsatani.

Ndingaizindikire bwanji ndikaiona?

Ilipo ya mitundu iwiri. Ina ili ngati mphete yonenepa yakuda, bawuti imodzi ikudutsa pakati pake, ndipo chammbali kwatuluka konekita ya mawaya awiri kapena atatu, pena chingwe chachifupi. Imeneyi imamva kunjenjemera kwa mitundu yambiri n'kusiyira kompyuta ntchito yosefa, ndipo ndiyo ili pa injini zambiri zamakono. Ina, yakale, ili ndi mazinga akeake, imalowa mu buloko ngati bawuti yaikulu, ndipo ili ndi waya mmodzi pamwamba. Imeneyo anaichuna kuti izimva kwambiri phokoso la mtundu umodzi logwirizana ndi kukula kwa masilinda a injiniyo, chifukwa silinda yaikulu imagogoda ndi mawu otsikirapo kuposa yaing'ono.

Mtundu wachiwiriwu umafanana kwambiri ndi switch ya oyilo, imenenso ili pa buloko ndi waya mmodzi. Njira yosiyanitsira ndi yosavuta. Zulani wayayo, tembenuzani kiyi osaliza injini. Nyali ya oyilo ikapanda kuyaka, mwagwira switch ya oyilo, bwezerani.

Ndafufuza paliponse sindikuipeza. Mwina galimoto yanga ilibe?

N'zotheka. Injini za kabureta ndi disitiribyuta zambiri zilibe, ngakhalenso zina zoyambirira za fuel injection. Za dizilo sizifuna sensa imeneyi chifukwa zilibe pulagi yothetheka yoti ichedwetsedwe, ngakhale zina za common rail, monga 1.5 dCi ya Renault yokhala ndi zida za Delphi, zili ndi kasensa kofanana nako kamene kamathandiza kompyuta kuchuna kadontho koyamba ka mafuta. Palinso injini zochepa zimene zimamva kugogoda kudzera m'mapulagi enieniwo, poyeza magetsi odutsa mu mpweya umene wangopsa. Saab inkachita zimenezi ndi kompyuta yake ya Trionic, BMW ndi V10 ya mu M5 ya E60.

Koma ngati makina oyezera atulutsa khodi (nambala yosonyeza vuto) ya knock sensor, ilipo. Yabisala basi.

Ndikaizula kapena ikafa, galimoto iyenda?

Ilira ndipo iyenda. Iyi siili m'gulu la masensa onga crank sensor amene akafa galimoto imakaniratu. Koma kompyuta imazindikira kuti yagontha. Imayembekezera kumva kaphokoso ka masiku onse ka injini pa waya umenewo, ndipo pa magalimoto ambiri imayezanso ngati njira ya magetsi ili yathunthu. Ikapeza kuli zii, imayatsa nyali, imasunga khodi, n'kuyamba kuchita zinthu mwamantha: imachedwetsa moto nthawi zonse ngati kuti kugogoda kulipo, popeza ilibenso njira yodziwira.

Inu chimene mumamva ndi galimoto yolemera. M'tauni pa liwiro lochepa mwina simungazindikire, koma pa chitunda kapena pofuna kupitirira lole, mumaponda moto galimoto osakoka. Mafuta imamwa ambiri, chifukwa moto wochedwa supereka mphamvu yonse ku pisitoni ndipo phazi lanu limalipira kusiyanako. Ya turbo imachepetsanso mpweya umene turbo imakankha, ndiye kufooka kwake kumakhala kwakukulu. Ma Toyota ena a otomatiki okhala ndi 1MZ-FE amakana kulowa giya yomaliza khodi imeneyi ikakhalapo, ndipo anthu ena asinthitsa giyabokosi yabwinobwino chifukwa cha kasensa.

Pali china chimene sichimveka koma chikuchitika. Moto ukayaka mochedwa, mpweya umatuluka m'silinda usanathe kupsa bwino ndipo kutentha kumene kukanakankha pisitoni kumapita ku ekizozi. Mavalavu otulutsa utsi, manifold ya ekizozi, turbo ndi catalytic converter zimakhala pa moto woposa umene zinazolowera. Tsiku limodzi sizifa, koma miyezi ikamapita zimakalamba msanga.

Komanso nyali ikakhala chiyakire, vuto lachiwiri likabwera simulidziwa. M'mayiko amene amayeza utsi wa galimoto, nyali yoyaka yokhayo ndi yokwanira kuti galimoto ilephere.

Ngati kompyuta imadziteteza yokha, choopsa chili pati?

Kuchedwetsa kumene imachita itagontha ndi kongoyerekeza. Anakukonza kuti kukwanire pa petulo wamba ndi injini yabwino, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi wopanga: ena amachedwetsa kwambiri, ena pang'ono. Zinthu zikaipa nthawi imodzi, petulo wachabechabe, dzuwa lotentha, katundu wodzadza, radiyeta yotsekeka pang'ono, injini imatha kugogodabe, ndipo palibenso woimva. Khutu lanu silingalowe m'malo mwa sensa. Pa liwiro la pamsewu waukulu, mphepo ndi matayala zikusokosa, kugogoda kumayamba kale inu musanamve.

Kumene kumawononga ndi kugogoda kwamphamvu kopitirira. Moto wa m'silinda umapyola madigiri 2,000 a Celsius pamene aluminiyamu wa pisitoni amasungunuka cha pa 660. Pisitoni imapulumuka chifukwa pamwamba pake pamakhala kampweya kopyapyala kozizirirapo kamene kamaitchinga. Mafunde a kugogoda amasesa kampweya kameneko, chitsulo n'kukumana ndi moto maso ndi maso. Pamwamba pa pisitoni pamayamba kudyeka ngati papalidwa ndi mchenga, timizere togwira ma ring timasweka, gasiketi ya mutu imapsa pakati pa masilinda, seramiki ya pulagi imang'aluka, ndipo mabering'i amalandira nkhonya pa kuzungulira kulikonse. Malo otenthawo akayamba kuyatsa petulo pulagi isanathetheke, pisitoni imabooka m'masekondi ochepa. Apa tsono kugogoda kwa petulo kwabala kunoka kwenikweni.

Ndiye ndingayende nayo nthawi yaitali bwanji?

Kukafika kunyumba kapena ku galaja, ngakhale masiku angapo mukudikira sipeya, palibe chodetsa nkhawa pa injini yopanda turbo. Musaponde moto mpaka pansi, musakoke ngolo, pa chitunda tsitsani giya kuti injini izungulire momasuka, ndipo diso likhale pa geji ya kutentha. Ya turbo, kapena ya direct injection imene imapanikiza mpweya kwambiri, musazengereze nayo.

Alipo amene ayenda chaka chathunthu nyali ikuyaka injini osafa, zoona. Kawirikawiri ndalama imene anapulumutsa inathera pogula petulo.

Makaniko akuti aika resistor kuti nyali izime, kapena asamutsa sensa aiike poonekera. Ndilole?

Pa mafunso onse ali pano, ili ndi limene ndimayankha mosanyengerera. Resistor ayi.

Sensa yozulidwa imachititsa kompyuta mantha, ndipo manthawo ndi amene amateteza injini. Resistor, kachida kamagetsi koikidwa pa waya m'malo mwa sensa, imachotsa manthawo osabwezera khutu. Pa magalimoto amene amangoyeza ngati waya uli wathunthu, kompyuta imaona ngati sensa ilipo ndipo ikunena kuti kuli bata. Ndiye imafulumizitsa moto mpaka pamapeto pa zimene inalembedwa, n'kukhala pomwepo zivute zitani. Nyali yazima, galimoto ikukoka bwino, mwini wake wasangalala, makaniko watamandidwa. Tsiku lothira petulo woipa n'kukwera phiri ndi katundu, palibe chobweza moto. Paja chosamva anachiphikira m'masamba. Magalimoto atsopanopo sapusitsika n'komwe, chifukwa amafuna kumva phokoso likukula injini ikamathamanga, ndipo khodi imabwerera.

Kusamutsa kuli ndi nkhope yabwinopo koma n'kwapachibale. Eni ma V6 ambiri, poopa kuchotsa manifold, amamanga sensa yatsopano pamwamba pa manifold kapena pa bulaketi ina n'kuilumikiza ku waya wakale. Khodi imachoka. Koma kompyuta inachunidwa kuti izimva sensa ili pamalo ake enieni, pa chitsulo chokhudzana ndi masilinda. Pakati pa buloko ndi manifold pali gasiketi, pena pulasitiki, zimene zimameza kunjenjemera. Sensa yosamutsidwa imamva pang'ono kugogoda kwenikweni, kapena imamva kwambiri mavalavu ndi ma injector n'kumachedwetsa moto popanda chifukwa. Chimodzimodzi amene amaikulunga tepi kapena kuika labala pansi pake kuti "isamavutitse".

Ngati ndalama yochotsera manifold palibe mwezi uno, ine ndingasankhe kuyenda nyali ikuyaka, galimoto ili yofooka, kusiyana ndi kuyenda ndi kompyuta yonamizidwa.

Makhodi ake amatanthauza chiyani?

Magalimoto a OBD-II, njira yofanana yoyezera zovuta za galimoto imene inakhala lamulo ku United States kuyambira 1996 ndipo ku Ulaya a petulo kuyambira 2001, ali ndi malo olumikizira makina a mapini 16 pansi pa dashibodi. P0325 ndi vuto pa njira ya magetsi ya sensa yoyamba. P0326 ndiye kuti zimene ikutumiza sizikugwirizana ndi zimene kompyuta ikuyembekezera. P0327 magetsi achepa, P0328 achuluka, P0329 akubwera n'kumadukiza. Za sensa yachiwiri zimayambira pa P0330, ndipo P0332 ndi P0333 ndi anzake a P0327 ndi P0328.

Onani kuti palibe khodi imene ikunena kuti sensa yafa. Onse akunena za njira yonse, kuchokera pa sensa, kudutsa konekita ndi waya, mpaka ku kompyuta. Sakunenanso kuti injini ikugogoda.

Ndingadziwe bwanji ngati yafa ndi sensa kapena waya?

Kutsutsa galu n'kukumba. Yambani ndi maso ndi manja. Pansi pa manifold ndi pofunda ndi pobisika, makoswe amakondapo, ndipo waya wa knock sensor ndi umodzi mwa imene amayamba kudya. Kutentha kwa zaka zambiri kumaumitsanso pulasitiki ya konekita mpaka imafumbutuka mukaigwira. Pa 1MZ-FE kachingwe kakafupi kolumikiza masensa ake awiri kamafa kawirikawiri kuposa masensawo. Waya wake ulinso ndi chophimba cha timawaya toluka chimene chimauteteza ku magetsi a makoyilo ndi alitaneta. Wina akaudula n'kulumikiza ndi waya wamba, kompyuta imayamba kumva mizukwa.

Kenako tengani multimeter, mita yoyezera magetsi, muyeze resistance ya sensa. Masensa a mphete a Toyota amaonetsa pakati pa 120 ndi 280 kΩ, a GM LS oyambirira pakati pa 93 ndi 107 kΩ, a Nissan ambiri pakati pa 500 ndi 620 kΩ, a Subaru EJ cha pa 560 kΩ. Ena, makamaka a magalimoto a ku Ulaya, alibe resistor mkati ndipo mita imaonetsa ngati waya waduka ngakhale ali abwino, choncho musataye sensa musanaone nambala ya injini yanu m'buku lake. Ubwino wa muyeso umenewu ndi wakuti mutha kuuchitira pa konekita yofikirika, manifold musanaikhudze.

Muyeso wina ndi kuika mita pa AC ya mavoti ochepa n'kugogoda buloko pafupi ndi sensa ndi sipanala, mopepuka. Manambala ayenera kudumpha. Gogodani buloko, osati sensayo. Pa magalimoto akale muthanso kumva injini ikutsika pang'ono mukamagogoda ikulira, koma atsopano samvera zimenezo chifukwa amangomvetsera pa kanthawi kawo kaja. Amene ali ndi makina oonetsa zimene zikuchitika galimoto ikuyenda ayang'ane knock retard, madigiri amene kompyuta yachedwetsa moto chifukwa cha kugogoda. Madigiri awiri kapena atatu obwera n'kuchoka poponda moto ndi chizindikiro chakuti khutu likumva. Madigiri ambiri osachoka, ngakhale pamalo athyathyathya, ndiye kuti pali chimene chikusokosa kapena chikugogodadi.

Yang'ananinso thupi la sensa. Za Subaru zimakonda kung'aluka pulasitiki yake, ndipo mng'alu umaoneka ndi maso.

Posintha ndisamale chiyani?

Kumanga. Iyi ndi imodzi mwa mabawuti ochepa a kunja kwa injini amene torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira, mu Nm) siyosankha. Kachidutswa ka mkati kaja kamamva malinga ndi mmene kapanikizidwira. Mukamanga mopitirira kamamva zinthu zimene kulibe kapena kamasweka, mukamanga mofooka kamagontha. Masensa ambiri a mphete amafuna 20 Nm, a Subaru EJ 24 Nm. Ndi mphamvu yochepa kuposa imene dzanja la munthu wozolowera kumanga mawilo limaganiza.

Pamalo pokhala sensa pakhale poyera, popanda dzimbiri, penti kapena oyilo. Musaike washala, girisi, silikoni kapena tepi. Konekita iloze kumene yakale inaloza kuti isakhudze chitsulo china ndipo waya asakokeke. Sensa ikagwa pansi pa simenti, musaikhulupirirenso, ngakhale ikuoneka yabwino.

Pa V6 ndi V8, popeza mwafika kale m'chigwa, sinthani masensa onse awiri, kachingwe kake, magasiketi a manifold, ndi kapaipi ka madzi kalikonse kodutsa mmenemo. Tsekani mabowo olowera mpweya ndi nsalu zoyera manifold ikangochoka. Nati imodzi yogwera mmenemo ndi nkhani ina yaitali. Ndipo apa si pogulira sipeya yotchipitsitsa. Masensa achinyengo okhala m'mabokosi a mayina odziwika ndi ochuluka, ndipo amene waika yotero pansi pa manifold amagwira ntchito yonse ija kawiri.

Ndasintha, khodi yabwereranso. Nanga tsopano?

Ngati simunasinthe waya, yambirani pamenepo, ndipo muyeze mpaka pa pini ya kompyuta. Kenako onani kamangidwe, kenako mufunse kumene sensayo inachokera. Zonsezi zikakhala bwino, sakani chimene chikusokosa pafupi: bulaketi ya alitaneta yomasuka, chitsulo chotchinga kutentha chimene chikugwedera, tcheni cha timing chotayirira, mounting ya injini yoduka imene ikuchititsa chitsulo kugunda chitsulo. Kompyuta yeniyeniyo imafa mwa apo ndi apo, ikhale yomaliza kuiganizira.

Petulo wa octane wokwera angalowe m'malo mwa sensa?

Amathandiza pamene mukudikira kukonza, chifukwa amapirira kupanikizika asanaphulike yekha. Koma nyali sazimitsa ndipo mphamvu sabweza, popeza kompyuta yogontha ilibe njira yodziwira kuti mwathira wabwino. Imachedwetsabe moto chimodzimodzi.

Sensa ikakhala yamoyo m'pamene octane amaoneka ntchito yake. Injini yopangidwira petulo wa RON (muyeso wa octane) 95 kapena 98 mukaithira 91 imayendabe chifukwa sensa ikumva ndipo kompyuta ikubweza moto, kungoti mphamvu imatsika. Yopangidwira 91 mukaithira 98 kawirikawiri sipindula kanthu, chifukwa moto wake unafika kale pamene anaulembera. Nambala yoyenera imalembedwa mkati mwa kachitseko ka thanki kapena m'buku la galimoto. Ngati galimotoyo inapangidwira msika wa United States kapena Canada, nambala yake ndi ya muyeso wina: 87 wa kumeneko ndi pafupifupi RON 91, ndipo 91 wawo ndi pafupifupi RON 95.

Nyali inayaka nditangotsukitsa injini. Zikugwirizana?

Kwambiri. Madzi a mpope wamphamvu amalowa pansi pa manifold n'kukhala m'konekita kapena m'maenje a masensa, malo amene mphepo siifika. Zulani konekita ngati mukuifikira, iumitseni ndi mpweya, fufutani khodi, yendani masiku awiri kapena atatu muone. Ikabwerera ndiye kuti madzi alowa mkati mwa sensa kapena dzimbiri layamba pa mapini. Pa ma V8 a GM aja, kampaniyo inalangiza amakaniko kuti akasintha masensa azipaka mzere wa silikoni pa chivundikiro mozungulira zotsekera za labala za pamwamba pa maenjewo, kuti madzi azipatuka m'malo molowa.